Chilungulira cha Bambo a Tadala

Lachinayi, mwezi wa July. Kwazizira, ndipo mtima wanga sunakhazikikebe.

Masana amuna anga, bambo a Tadala, anagwa akudulira maluwa kuntchito kwawo ku Fish Hoek, kudziko la eni kuno, atagwira pachifuwa. Abwana awo anathamangira nawo kuchipatala, ine ndinawapeza kuchipinda cha ngozi.

Anesi anawapatsa kakapu ka mankhwala osakaniza, oyera ngati phala la mwana. Anati muli ena oziziritsa asidi wa m'mimba, ena ochititsa dzanzi kukhosi. Posakhalitsa ululu unaleka, abambowo n'kuyamba kufunafuna nsapato.

"Mwaonatu, mayi a Tadala? Ndinanena ine kuti ndi chilungulira. Tiyeni, mawa kuli ntchito."

Anesiwo anakana. Anati ululu ukhoza kuleka ngakhale vuto lili mtima, choncho agone komweko, awayeze magazi. Kenako anandifunsa zimene amamwa kunyumba pachifuwa pakamawawa.

Manyazi anandigwira. Miyezi iwiri tsopano, akangodandaula, ndimawasungunulira supuni ya soda wophikira therere m'madzi, monga ankachitira amayi anga ku Ntcheu. Amageya, n'kunena kuti apezako bwino, ine n'kumadziona ngati dokotala.

Nditawauza zimenezi, anesi sanandikalipire. Bola akanandikalipira.

Ndabwerera ndekha kunyumba ku Masiphumelele. Paketi ya sodayo ili pamwamba pa firiji, yatsala theka, ndipo ndikulephera kuiyang'ana. Zotsatira zituluka mawa. Akanena kuti ndi mtima, ndiye kuti miyezi iwiri yonseyi mtimawo unkakuwa, ine n'kumautseka pakamwa ndi supuni yanga...