Maina a Manda Amene Anazima ndi Kompyuta

Kitwe
9 Okutobala 1996

Mlongo wanga Rosina,

Ndikhulupirira kuti uli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana, ndiponso kuti mutu umene unkakuvuta pa maliro a Atate unaleka. Kuno tili moyo. Mlamu wako Leticia chifuwa chamusiya, ndipo ine ndinabwerera ku ntchito ku laibulale.

Kalata yako ndinailandira Lachiwiri. Ndiyambe ndi funso lako, chifukwa kukubisira sikungakuthandize: zimene unatayipa zija sizidzabweranso.

Ndinapita kwa a Gerson, amene amatikonzera makompyuta kuno. Ndinawafotokozera monga unalembera. Atate ali m'chipatala anakuuza za manda asanu ndi awiri a kwathu ku Chiparamba, kuti awa ndi a uje, awa ndi a uje, kuyambira pa mtengo wa mpundu. Iwe unalemba m'shotihandi, kalembedwe kachidule kaja ka alembi. Lachisanu anzako ataweruka unatayipa zonse pa kompyuta ya ku ofesi, unang'amba mapepala a shotihandi, n'kuzimitsa makina pakhoma. A Gerson anangofunsa ngati Lolemba poyatsa unaonapo kanthu. Nditati ayi, anandiuza kuti palibe amene angazitulutse, ngakhale ku Lusaka. Munthu amene wakulonjeza kuti atsegula makinawo akafufuze m'kati, usamulole. Angokuyambanitsa ndi abwana ako.

Walemba kuti wawapha Atate kachiwiri. Mawu amenewo sindikuwavomera. Zaka khumi ndi zisanu pa taipi zinakuphunzitsa kuti chimene chatayipidwa chakhala, komanso kuti kalata ikatha shotihandi imang'ambidwa kuti zinsinsi za ofesi zisatuluke. Unachita monga mlembi wabwino amachitira. Wolakwa ndi amene anakuikira kompyuta pa tebulo osakuuza kuti payokha sisunga kanthu. Nanenso ndili ndi mbali yanga. Atate anandipempha kawiri kuti ndibwere ndi wailesi yojambula mawu, ine ndinayankha kuti pa Khirisimasi.

Tsono tamvera, kuti zisachitikenso. Batani la Ctrl lili m'munsi kumanzere. Ulipanikize ndi kachala kakang'ono, n'kugunda S. Koyamba kompyuta ikufunsa dzina la fayilo, pambuyo pake izingosunga mwakachetechete. Uzichita zimenezi ukatha mzere uliwonse, mpaka dzanja lizolowere monga linazolowerera kukankha chonyamula pepala belu la taipi likalira. Ukafufuta kanthu mwangozi, usakhudze china chilichonse, ugunde Ctrl ndi Z, kabwerera pomwepo. Koma imabweza zokhazo zimene zachitika fayilo ili chitsegukire.

Ndaika madisiketi awiri m'phukusili. Ukagunda F12 udzatha kusunga fayilo yomweyo pa disiketi, ndipo imodzi uzikagona nayo kunyumba. Mausi yanu imene ukuti imakakamira ingoisiya. Alt ndi F4 imatseka pulogalamu bwinobwino, ndipo ngati pali chosasungidwa imayamba yakufunsa. Palinso kena kamene ngakhale anzanga kuno sakadziwa: ukaika kamzere kophethira kaja pa dzina, n'kugunda Shift ndi F3 kamodzi kapena kawiri, dzinalo limasanduka la zilembo zazikulu zokhazokha. Mmisiri amene alembe maina pa mitanda ya kumanda adzafuna zoterozo.

Pempho langa ndi limodzi. Loweruka likudzali ukwere basi, upite ku Kasenengwa kwa azakhali a Ketilina. Mwa ana a agogo atsala okha. Maso awachepera, koma mutu uli bwino. Pa maliro anandikumbutsa dzina la wansembe amene anandibatiza. Ndikudziwa kuti simunalankhulane chiyambire mkangano wa zovala za Atate. Upite ndithu, ndipo ukawapepese ngakhale ukuona kuti sunalakwe. Ngati miyendo yawo ilola, upite nawo kumanda, iwo azinena iwe uzilemba. Mapepalawo usadzang'ambe. Ansembe adzadalitsa manda pa 2 Novembala, ndipo a Matiyasi, mmisiri uja, anati akufuna maina kutatsala sabata ziwiri.

Ine ndinayesa kukumbukira pandekha. Kuno ndimakhala pakati pa mabuku a mbiri, ndipo zaka za mafumu akutali ndingakutchulire osaonera. Koma pa manda asanu ndi awiri a kwathu ndikutsimikiza awiri okha: a agogo aamuna, oyandikana ndi mpundu, ndi aang'ono aja a mlongo wathu Sesiliya. Ngati azakhali akayika pa manda ena, usalembe zongoganiza, ngakhale achibale akukakamize. Mtandawo uimikidwe wopanda dzina.

Undiperekere moni kwa alamu anga a Bonifasi, kwa amalume a Alfonsi ndi banja lawo, ndi kwa adzukulu anga Mwayi ndi Yamikani. Kwa azakhali ukapereke ndi pakamwa pako. Leticia akuti usalire pawekha, umulembere.

Ndine mlongo wako,
Paison