Abusa Sadutsanso Malire

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Ndamera tilipo, ngakhale mayi miyendo ikuwavutabe.

Pamsonkhano wa chigawo wa mpingo wathu ku Nsanje anagamula kuti abusa asamatumikirenso mipingo ya ku Mozambiki. Ndinaimirira n'kunena kuti, "Kumeneko kuli abale athu." Wapampando anati, "Apeze abusa awoawo." Pokweza manja, otsutsafe tinachepa.

Sabata yatha azakhali anamwalira ku Mozambiki komweko. Nditawauza abusa, anangowerama n'kunena kuti sangapite. Mwambo wa maliro ndinatsogolera ndine. Amuna a azakhaliwo sanandilankhule mpaka ndinabwerako. Akuti tonse tinawataya.

Chonde muwaimbire foni, mwina inu angakumvereni. Ambuye akusungeni.

Ine mng'ono wanu,
Zuze