Ku Tukuyu Ayi, Ndapita ku Kiwira

Bambo a Lusekelo,

Pepani, mupeza pakhomo palibe munthu. Ndakwera minibasi ya ku Kiwira kukaona nyumba ina, ndibwera madzulo.

Dzulo ndinakaiona nyumba mwasankha ku Tukuyu ija. Ndi yabwino, sindikana. Kamphepo kozizira, nthochi mpaka pakhonde, phokoso la kuno ku Mbeya kulibe. Koma simunandiuze kuti njira ya kumsika imadutsa pakhomo pa bambo anu. Mwambo wathu mukuudziwa, mkazi saonana maso ndi maso ndi apongozi ake aamuna. Nditangowaona akubwera ndi ndodo yawo, ndinalumphira m'munda wa tiyi. Iwo n'kuima pomwepo kumacheza ndi mnzawo za ng'ombe, ola lathunthu, ine nditanjuta, mvula ikundimenya pamsana. Mayi wina wothyola tiyi anandifunsa kuti, "Kodi mwataya chiyani, anzanga?" Ndinati ndikuzemba apongozi. Anaseka n'kunena kuti, "Mukasamukira kuno, tikupatsani dengu muzithyolako."

Ndatopa, bambo. Zaka zisanu ndi zitatu ndikumeza fumbi la m'tauni, ndiye ndikakalambire m'zitsamba ngati nkhwali? Ku Kiwira nakonso ndi kumapiri, kuntchito kwanu n'kufupi, ndipo bambo anu muzikawaona Lamulungu lililonse, moni wanga muzinyamula ndinu.

Nthochi ndi nyemba zili mumphika, mungotenthetsa. Lusekelo mukamutenge kusukulu. Mwini nyumba wa ku Tukuyu uja mumuimbire nokha kuti sitikubwera. Ine mawondo anga akadali ndi matope akwanu.

Ndine,
Atupakisye