Nkhani ya pa Foni Imene Ndinaimaliza Ndekha

Wokondedwa mwana wanga,

Ndikhulupirira kuti uli bwino kumeneko pamodzi ndi amuna ako ndi adzukulu anga. Chifuwa cha wamng'ono uja chinatha? Ine miyendo ikuyenda, koma mtima ayi. Amayi ako ali m'chipatala. Usaponye pepalali pansi, ali moyo, ndawaona ndi maso angawa. Khala kaye pampando.

Amene anayamba kundiuza nkhani yomwe yatigwetsa m'dzenjeyi ndi ometa a pakona paja, ndipo ndi omwewo akundilembera kalatayi. Ndawauza kuti alembe monga ndikulankhulira, asadumphe ngakhale pamene ndikuwatchula iwowo. Ukhoza kudabwa kuti bwanji sindinangokuimbira foni. Ndikuopa pakamwa panga, mwana wanga. Ndikayamba kulankhula ndimakometsa, ndipo nkhani iyi sifunika kukometsa.

Ukukumbukira gulu la pa foni lija unatilowetsa chaka chatha, la anthu a bipi ndi shuga? Lachisanu lililonse amayi ena amene kale anali namwino amaikamo zowerenga za sabatayo, zina zolemba madokotala, zina zolemba odwala anzathu pa intaneti. Anthu amathokozana, wina akuti yachiwiriyo yandithandiza, wina akuti musaphonye yachinayi. Koma iwe unaiwala chinthu chimodzi: maso a amayi ako sagwiranso tizilembo ting'onoting'ono, ndipo ine chilembo chimene ndimachidziwa ndi chozungulira chija chokha. Ndiye ndinkatenga foni kupita nayo kwa ometa. Iwo ankandiwerengera ntchito ikachepa, ine n'kusunga m'mutu, n'kukawafotokozera amayi ako iwo akusoka. Ankati ndine wailesi yawo yosadya mabatire.

Mwezi watha kunabwera nkhani ina yolemba bambo wina woyendetsa lole. Mutu wake unali wakuti anasiya mapiritsi a bipi. Tsiku limenelo magetsi anali atazima, makina ometera ali duu pa tebulo, anthu anayi akudikira pa benchi. Ometa anayamba kuwerenga. Akuti munthuyo atangosiya, thupi linapepuka, chizungulire chinatha, miyendo inaphwa, anasiya kuimika lole paliponse kufuna pokodza. Mkazi wake mpaka anamuuza kuti wabwerera unyamata. Tonse tinaseka. Pamenepo magetsi ngwee, ayaka. Ometa anandiponyera foni pamiyendo, akuti achikulire, zotsalazo mawa, njala simvera nkhani.

Mawalo sindinapiteko. Safunsa anadya phula.

Iwe ukundidziwa. Kuyambira uli kakhanda, unandionapo ndikusiya nkhani ilibe mchira? Madzulo a tsiku la magetsi lija ndinawafotokozera amayi ako, ndipo nditafika pamene ometa analekezera, lilime silinaime. Ndinamupatsa munthu wa lole uja zaka khumi ndi ziwiri zopanda piritsi. Ndinamupatsa adzukulu. Ndinamukweza padenga kukakhoma malata, anyamata akungomuyang'ana pansi. Inakoma, sindinama, inakoma kuposa zonse zimene ndinanenapo. Amayi ako anaimitsa makina osokera, n'kundifunsa ngati zinalembedwa chomwecho ndithu. Ine ndinati kodi inu mukundiyesa wabodza pa ukalamba uno?

Ndinaiwalako. Kwa ine inali nkhani basi, yatha yatha.

Lolemba batani la malaya anga linathothoka, ndiye ndinatsegula chitini chawo cha mabatani chija. Pakati pa mabataniwo munali mapiritsi oyera. Ndinawathira pa tebulo n'kuwawerenga kawiri: makumi awiri ndi atatu. Tsiku lililonse m'mawa ankapita ndi kapu ya madzi kuchipinda, ine n'kumayesa akumwa. Nditawafunsa, sanachite manyazi. Anandionetsa akakolo awo kuti taonani, aphwa, nsapato zija mwana anatumiza zikulowa tsopano. Akuti nanga mnzanu wa padenga uja ndimusiyire yekha unyamata? Kenako anagwira m'khosi kumbuyo, akuti kungoti mutuwu masiku atatu tsopano ukugunda ngati muli mmisiri.

 Ndinakokolola mapiritsiwo n'kuwaika m'thumba. Ndinatenga foni, malaya osamanga, ulendo kwa ometa.

Ndinawapeza akumeta bambo wina wonenepa, mbali imodzi yatha. Ndinati siyani mutuwo sukuthawa, ndiwerengereni ija ya lole kuyambira pamene munalekera. Wonenepayo anati adadi, mukufuna ndituluke muno ngati nkhuku yososola theka? Koma atandiyang'ana nkhope anawauza ometa kuti awerenge. Ometa anaifufuza, anaipeza, n'kuyamba kuwerenga, mawu awo akuchepa akuchepa.

Munthu wa lole uja anakhala miyezi iwiri yokha wopanda piritsi. Anagwa pambali pa tayala la lole yake akumanga katundu. Sitiroko. Mawu onse aja ankanena ndi iye koma wolemba anali mkazi wake, chifukwa dzanja lake silinagwirenso cholembera. Analemba kuti achenjeze anthu. Kukoma konse kwa poyamba kuja anakuika dala, kuti tione mmene matendawa amanyengerera. Ndipo kumapeto anati mukaona pakamwa pa munthu papotoka, mkono walemera, kapena mawu akukoka, musamugoneke kuti apume, musamupatse chakumwa, thamangani naye nthawi yomweyo.

Kandimverere anakanena za m'maluwa. Kandimverere wake ndine.

Sindikudziwa kuti msewu uja ndinauwoloka bwanji. Njinga yamoto inandiphonya pang'ono, mwiniwake akutukwana makolo anga onse. Nditalowa m'nyumba ndinapeza amayi ako ali pa makina, nsalu ya munthu ili pansi pa singano, kapu yagwa, tiyi akuyenderera kulowera kunsi kwa kabati. Anandimwetulira, koma anamwetulira mbali imodzi yokha. Anati dzanjali likuchita mwano, ndikagone pang'ono. Mawuwo anatuluka ngati ali ndi nsanza m'kamwa.

Zaka makumi anayi ndi zisanu sindinawakalipirepo amayi ako, umboni ndiwe. Tsiku limenelo ndinakuwa. Ndinati simugona, mwamva, simugona! Ndinathamangira kwa aneba oyendetsa galimoto ya buledi aja, mwamwayi anali atangofika kudzadya. Sanafunse zambiri, anasiya mbale, tinawanyamula amayi ako awiriwiri. Ine ndinakhala kumbuyo pakati pa makireti, mutu wawo uli pamiyendo panga, ndikuwauza kuti anditchulire mayina a adzukulu mmodzimmodzi kuti ndizimva mawu awo. Pa wachitatu anasokoneza. Ndinalumira mlomo kuti asandione ndikulira.

Kuchipatala namwino atawayeza bipi, anayezanso mkono winawo, n'kuitana mnzake. Kenako kunabwera dokotala, mayi wa msinkhu wako. Anafunsa ngati akumwa mankhwala. Ndinatulutsa mapiritsi aja m'thumba, batani limodzi lili momwemo. Dokotalayo anati anakuuzani kuti musiye ndani, amayi? Ndinali nditaima pomwepo, pafupi ngati apa ndi apo. Amayi ako anandiyang'ana, n'kuyang'ana dokotala, ndi lilime lolemera lija anati ankangoiwala, ukalamba.

Ine, amene ndimalankhula mpaka anthu kupsereza ndiwo, ndinakhala chete.

Ndi chimene ndakulembera. Mlandu si wa ometa, ngakhale alira kawiri tikulemba kalatayi. Si wa gulu lako, iwo anaika nkhani yathunthu. Si wakonso ayi, usayambe kudziimba mlandu monga umachitira. Ndi wanga. Ndipo pali china chikundidya: nkhani ija ndinaikambanso pa benchi ya kuchipatala tsiku lokatenga mankhwala, anthu ali thoo kumvetsera. Mayina awo sindiwadziwa. Chonde lemba m'gulumo kuti aliyense amene anamva mkulu wa chipewa chofiirira akukamba za woyendetsa lole, adziwe kuti mathero aja anali abodza. Lemba lero lomwe.

Dokotala akuti tinafika msanga, ndipo kufika msangako n'kumene kwawagwira. Koma akuti masiku atatu oyambawa ndi oopsa, chikhoza kubweranso, ndipo za dzanja sangalonjeze. Foni ikangolira m'thumba, ndimayesa ndi a kuchipatala. Amayi ako anandiletsa kukuuza, akuti uli ndi ntchito ndi ana. Ndikuwalakwiranso kachiwiri pokuuza, koma ichi ndalakwa dala. Bwera ngati ungathe. Ngati sungathe, imba, koma usalire pa foni, ukudziwa kuti iwe ukalira iwo sadya.

Lachiwiri m'mawa ndinali woyamba pageti ya chipatala. Atatsegula ndinawapeza ali maso, atawatsamiritsa pa mapilo awiri, tsitsi losapesa, chinthu chimene sangalole munthu kuchiona. Dokotala uja anali pomwepo ndi mapepala ake. Ndinavula chipewa n'kumuuza zonse, kuti sanaiwale, ndinawanamiza ndine. Ndinayamba kufotokoza za magetsi ndi benchi, koma amayi ako anandimenya pa mkono ndi dzanja labwinolo. Anati khalani chete inu, mwalankhula zokwanira chaka chino.

Pamenepo namwino anabwera ndi piritsi pa kambale. Amayi ako anatambasula dzanja lodwala lija mwachizolowezi. Zala zinafika pa piritsilo, koma zinakana kutsina. Anayesa katatu, piritsi likungothawathawa m'kambalemo. Namwino anafuna kuwathandiza, iwo anapukusa mutu, n'kundilozera ine ndi chibwano. Ndinalitola, n'kuliika pa lilime lawo, n'kuwagwirira kapu. Anameza. Kenako anayasamula kukamwa konse ngati mwana, n'kukweza lilime, kuti ndione ndekha kuti lapita.

Ndinatulukira pakhonde la wodi. Zimene ndinachita kumeneko, ometa asalembe.

Mulungu akusunge, mwana wanga, akusungire nyumba yako ndi ana ako. Undiperekere moni kwa amuna ako. Adzukulu uwauze kuti agogo awo aakazi akuwafunsa. Alongo ako ndiwauza ndekha, maso ndi maso. Utipempherere kufikira Lachinayi.

Ndine bambo ako.