Khobwe wa Agogo Ake a Nancy

Kwa Chapananga, Chikwawa
14 Juni, 2024

Okondedwa mlongo wanga Juliana,

Ndikulemba lero Lachisanu, nditakhala pansi pa mtengo wa masau pamodzi ndi mng'ono wathu Symon ndi mkazi wake Dorika. Takumana pa nkhani ya mwana wanu Humphrey, amene akufuna kukwatira Nancy, mtsikana wa ku Amerika komweko. Monga malume wake, mawu akudikira ine.

Poyamba ndinakana, ndipo chifukwa mukuchidziwa. Munandiuza nokha kuti anthu akumeneko amadya ataimirira, ena akuyendetsa galimoto, aliyense chake m'pepala. Mkazi wosazolowera kudyera pamodzi ndi anthu angasunge bwanji abale? Sindinaiwalenso chimanga chachikasu chimene tinalandira pa chilala cha 1992. Ankati kwawoko n'chakudya cha ng'ombe.

Koma zimene munanena pa lamya zandisowetsa mtendere. Mukuti agogo ake a Nancy, mayi wakuda ngati ife, amaphika therere, ndipo tsiku loyamba la chaka banja lonse limasonkhana kudya khobwe. Mukutinso amafinya misale n'kuphika madzi ake mpaka akhale ngati uchi. Ndipo akuti mbewu zimenezi zinawoloka nyanja m'masiku a ukapolo, pamene chimanga chinachokera kumeneko kubwera kuno. Izi sindinkazidziwa.

Symon akuseka. Akuti, "Achimwene, therere lopanda chidulo ndi therere? Amenewo amangowiritsa masamba." Dorika wamuyankha kuti, "Inu mthiko simunaugwirepo, koma pakudya ndiye oyamba kusamba m'manja. Khalani chete."

Ine sindinaseke. Mukukumbukira kuti amayi ankatchula mlongo wa agogo awo, amene ogula akapolo anamugwira akuchokera kumunda ali ndi dengu pamutu, n'kutsika naye pa Shire, osabwereranso. Sindikunena kuti ndife magazi amodzi. Nyanja ndi yaikulu, ndipo ine sindinapite patali ndi sukulu. Koma ndikufuna kudziwa. Khobwe wawoyo ali ndi diso lakuda ngati wathu? Anawaphunzitsa kuphika ndani? Pa tsikulo amayamba kudya ndi akulu kapena ana? Munawafunsa dzina la kholo lawo loyamba kufika kumeneko?

Kuno mapira tamweta, mbalame zinatisiyirako pang'ono. Mbuzi yaikulu ija anthu aifuna kangapo, koma sindinaigulitse.

Mupereke moni kwa Humphrey. Kwa agogowo mukapereke nokha, mutagwada, ndipo munene kuti wachokera kwa Kaitano wa kuchigwa cha Shire. Muperekenso moni kwa mtengwa wathu.

Muuzeni Humphrey abwere naye mvula isanagwe. Mtsikanayo atenge khobwe wa agogo ake wodzaza dzanja, wosaphika, kuti tidzamuike pa lichero pafupi ndi wathu.

Ndine mlongo wanu,
Kaitano