Nyenyezi ya pa Mpango wa Safia

Gulu: ARUBAINI YA MAYI
Ajira, Swadick, Safia

LOLEMBA, 27 OKUTOBALA

Ajira 09:12
mbuzi yapezeka, mpunga wafika, a shehe avomera loweruka 10 koloko. chatsala ndi nkhani yako Safia

Ajira 09:13
amjomba Che Hafiz anenetsa. pa sadaka ya masiku 40 ya mchemwali wawo iwe usakhudze mphika, ngakhale pabwalo usaponde, mpaka adziwe zomwe walowazo

Swadick 09:20
iii achemwali, walowa chani? mwana anangopita ku Katuli kukapumitsa mutu atadwazika mayi miyezi 5

Ajira 09:21
[chithunzi]
mnzanga Tatu anamujambula pa msika. taona mpango woyerawo, nyenyezi pachipumi. kwa Mponda konse kuno akuti ndi za satanic

Swadick 09:26
ndapanga zoom. koma mukudziwa, pa lodge pathu pa Nkope pali madam wina wa ku UK, dzina Bronwen, naye ali ndi nyenyezi pa mkanda. dzulo ndinamutenga pa boti kukaona nkhwazi

Ajira 09:26
astaghfirullah!! ndye ndi gulu limodzi

Swadick 09:28
dikirani kaye. ya madam ili ndi nsonga 5 mkati mwa bwalo. ya Safia nsonga 8, ina yaitali. ndimufunsa. safunsa anadya phula

Ajira 09:29
iwe ndi mafunso ako. ukadali mwana unaphwasula wailesi ya bambo kufuna kuona anthu olankhula mkatimo

Swadick 09:29
ndipo ndinapeza kuti mulibe anthu kkk. Safia yankha plz

Safia 17:05
kuwale achemwali, kuwale achimwene. foni timagwira 5 mpaka 6 basi. si za satana. ndife Ana a M'bandakucha

Swadick 17:06
salaam yapita kuti? kkk ok kuwale. ndili ndi mafunso, usakwiye

Safia 17:07
sitikwiya ndi mafunso. mawa

LACHIWIRI

Swadick 13:40
🎤 mawu 1:52
Achemwali, tamverani izi. Madam uja ndamufunsa tili pa boti. Poyamba ndinazungulira ngati mphaka pa mkaka wotentha, kenako ndangoti, madam, nyenyeziyo ndi ya Satana? Anaseka mpaka chipewa kugwera m'madzi. Akuti iyeyo ndi pagan. Nsonga zisanuzo ndi dothi, madzi, mphepo, moto ndi mzimu. Akuti Satana ali m'mabuku a Akhristu ndi ife Asilamu, iwo kwawo kulibeko, ndiye angapembedze bwanji munthu amene samudziwa? Amalemekeza mwezi, nyengo, mitengo, milungu yakale ya kwawo yomwe anthu anaisiya tchalitchi chitabwera. Ndati mneneri wanu ndani? Alibe. Buku? Alibe limodzi loti onse azitsata. Ndati nanga ine ndikafuna kulowa? Akuti ulowe kuti, palibe chitseko, ndipo sindikukuitana.

Ajira 14:02
chipembedzo chopanda mneneri ndi chani chimenecho, ndiwo zopanda mchere

Swadick 14:04
ndamuuza za anganga aja ankathira ufa pansi pa mtengo wa msolo mvula ikavuta. wati eya, zoyandikana ndi zimenezo, kungoti za kwawo zinafa ndye akuzitolera m'mabuku ndi m'nyimbo, zina akungopeka okha

Ajira 14:05
anganga anasiya zimenezo atasilimuka. usandibwezere kumbuyo

Swadick 14:07
chinanso, lachisanu lino ndi tsiku lawo lokumbukira akufa. wapempha ku kitchen mbale imodzi yapadera, ayika chakudya cha malemu bambo ake pa tebulo, nkumawatchula dzina

Ajira 14:08
mzungu wa sadaka yake kkkk. koma Safia akukhudzana bwanji ndi zimenezi

Swadick 14:08
ndi zomwe ndikufuna kudziwa

Swadick 17:00
Safia nthawi yakwana. funso 1: anayambitsa ndani?

Safia 17:03
🎤 mawu 1:20
Achimwene, anayambitsa ndi Mayi Lusia. Anabwera kuno ali kamwana, kuthawa nkhondo ku Mozambiki. Zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo anadwala, masiku atatu osalankhula, anthu atayamba kale kusonkhana. Tsiku lachinayi m'bandakucha anadzuka ndi uthenga. Anauzidwa kuti aneneri onse anali nyali, zabwino ndithu, zoyatsidwa ndi Mulungu. Koma nyali ndi ya mdima. Tsopano kukucha. Sitinyoza mzikiti, sitinyoza tchalitchi. Timangoti kunja kwawala, tulukani muone.

Swadick 17:06
ali moyo? umawaona ndi maso?

Safia 17:06
ndimawaphikira phala mmawa uliwonse

Swadick 17:07
eeh. funso 2: buku?

Safia 17:08
lilipo, Mawu a Mmawa. likulembedwabe, akalandira uthenga a Simioni amalemba

Swadick 17:09
funso 3: ine ndikafuna kulowa?

Safia 17:09
bwerani mawa lomwe!! ndikulandirani pa stage. tilipo 140, timafuna dziko lonse

Swadick 17:10
kkkk madam sakundifuna, iwe ukundifuna. kusiyana koyamba kumeneko

Ajira 17:31
ine mafunso ndilibe. Safia, loweruka ufike 6 mmawa, mpunga wa anthu 200 sindingathe ndekha. dzanja la mayi pa mpunga linatsala kwa iwe

LACHITATU

Ajira 08:15
amjomba abweranso. akuti za mzunguzo nzosawakhudza. akufuna kudziwa za zinsinsi. akuti magulu amenewa masana amavala zoyera, koma mkati muli chipinda china cha akuluakulu okha

Swadick 12:22
ndafunsa madam za chipinda chamkaticho. akuti amjomba akunena chinthu chachitatu, occult. zobisika

Swadick 12:25
akuti zimenezo kwenikweni si mpingo, ndi luso. munthu amafuna nzeru kapena mphamvu zomwe ena sazidziwa. manambala, zizindikiro, makadi olosera, mawu oti utchule mwa ndondomeko. umakwera masitepe, aliyense amauzidwa za pa sitepe yake basi. ex wake ankapanga zimenezo, lamulungu nkumapitanso ku tchalitchi bwinobwino

Ajira 12:30
ndye madam wakoyo sapanga nawo?

Swadick 12:32
makadi ali nawo, wavomera. akuti pagan ena amasakaniza, ena ayi. mpanda wake ndi wa mabowo. koma mtima wa nkhani: wa zobisika amabisa, pagan amakumba zakale, gulu latsopano ngati la Safia limalengeza zatsopano pa msika ndi chimkuzamawu

Swadick 12:33
ndipo tikanena zobisika, chapafupi ndi kachithumwa kaja amjomba anamanga kutsogolo kwa boti lawo la usipa 🙊

Ajira 12:33
FUFUTA. foni yanga amaigwira

Swadick 12:34
🚫 uthenga uwu wafufutidwa

Swadick 17:01
Safia funso 4: pali zomwe akuluakulu amadziwa inu osauzidwa?

Safia 17:04
palibe. timapemphera pabwalo dzuwa likamatuluka, odutsa ndi njinga amaima nkumaonera. mankhwala, zithumwa, kuombeza, zonse timatentha tsiku lolowa. nyenyeziyo ndi nthanda, ija imatuluka kukamacha

Safia 17:05
ndi dzina langanso tsopano. aliyense amalandira latsopano. ndine Nthanda

Swadick 17:06
lokongola. koma ine ndizikuitanabe Safia wamamina uja

Safia 17:06
😊

Swadick 17:08
ndijambulire video ya mapemphero ndi masamba angapo a bukulo, ndikawaonetse amjomba

Safia 17:22
[kanema 2:10]
[zithunzi 6]

Safia 17:40
achimwene, chithunzi chili pa group chi mungachichotse?

Swadick 17:42
cha mayi? chikukupweteka eti. nanenso ndikatsegula foni chimandibaya. ndachotsa mwana wakwathu, pepa

LACHINAYI

Swadick 11:05
ndapempha off, ndili pa minibus. ndikupita kwa amjomba ndi umboni wanga ngati loya

Ajira 11:06
upite ndi ulemu. usakayambe za madam

Ajira 14:50
bwanji?

Ajira 15:30
Swadick??

Swadick 15:48
🎤 mawu 1:37
Achemwali, alhamdulillah! Maola atatu pa mkeka, miyendo yachita dzanzi. Video aionera kanayi. Anayitanitsa magalasi, awerenga masamba onse. Ndinawayalira bwinobwino: awa a zakale alibe mneneri, awa a zobisika alibe khomo loonekera, awa a Safia ali ndi mneneri, buku ndi khomo lotsegula. Kenako akuti, "Ndiye kuti mwanayu si mfiti, wangosochera." Ndati amjomba, zosocherazo tikambirana tsiku lina. Akuti, "Wosochera amabwerera pakhomo, ndipo pakhomo pa mayi ake sindingamutsekere. Abwere, aphike. Mpangowo avale wina." Achemwali, ndatuluka ndikumwetulira ndekha mumsewu ngati wamisala.

Ajira 15:52
allahu akbar. mafunso ako agwira ntchito kamodzi m'moyo

Ajira 15:53
Safia wamva? mphika waukulu uja ndabwereka kale. ndikusungira chitenje cha mayi chobiriwira, ankati nchako

Swadick 17:00
Nthanda kkk taona ndakuitana dzina lako. njira yatseguka. mawa ukwere ya mmawa, msewu wa Katuli sudalirika

Swadick 17:35
waona ma message, ma tick ndi a blue

Swadick 17:59
Safia?

LACHISANU

Swadick 12:10
ndabwerera ku ntchito. madam wayala kale tebulo lake pansi pa mtengo. mbale, kandulo, chithunzi cha bambo ake atanyamula nsomba. wandifunsa dzina la mayi, akuti ngati sitikudandaula awatchule nawo

Ajira 12:14
umuuze zikomo koma mayi ali ndi duwa yawo mawa, a shehe awapempherera. Safia wakwera?

Swadick 12:15
foni yake mpaka 5

Safia 17:02
🎤 mawu 2:05
Achimwene, zikomo pa zomwe mwandichitira kwa amjomba. Palibe anandimenyerapo nkhondo chonchi. Koma munafunsa mafunso anayi, funso lachisanu simunafunse, ndipo ine ndinachita mantha kuliyamba ndekha. Ife timaphunzitsidwa kuti womwalira ali pa ulendo wopita kowala. Ukamutchula dzina amacheuka. Ukamuphikira, ukamulirira pagulu, ukasunga chithunzi, amaima panjira kudikira, ndipo mdima umamupeza. Ndiye sitipita ku sadaka, sitipita kumanda. Achemwali, inu simunawaone usiku uliwonse momwe ndinawaonera ine. Anavutika kokwanira. Sindikufuna kuwaimitsanso panjira chifukwa cha mpunga. Sindibwera.

Ajira 17:06
chifukwa cha mpunga??

Ajira 17:06
ndi MAYI ako Safia. Asiyatu Sumani. ndawatchula, acheuke andione

Safia 17:07
chonde achemwali musatero

Ajira 17:08
chibale ndi fupa, sichiola. mayi wa ku Katuliyo wakudziwa masiku 30, ife takusambitsa

Swadick 17:11
achemwali dekhani kaye. Safia, chithunzi chija sichinali chisoni, linali lamulo eti

Safia 17:11
chinali zonse ziwiri

Swadick 17:14
sabata yonse ndakhala ndikufufuza ngati muli mdima mkatimo. sindinaganize zofunsa kuti kuwalako kukulanda chani. mtima ukundiwawa, ndikuuze zoona

Swadick 17:16
koma ndifunsebe, ndi chibadwa changa. ukabwera osaphika, osatchula dzina, kungokhala pakhonde ndi ife amoyo. bukulo likuletsa?

Safia 17:25
silinanene

Swadick 17:25
si unati likulembedwabe? uwafunse Mayi Lusia

Safia 17:26
ndikawafunsa ayankha, ndipo a Simioni alemba. likhala lamulo la anthu 140 mpaka kalekale. ndikuopa yankho lake

Swadick 17:27
ndye usafunse. ingokwera galimoto

Swadick 17:44
Safia

Ajira 17:58
mphika ndautsuka. uli pomwe mayi ankauika

LOWERUKA

Ajira 06:20
moto tayatsa. Tatu akundithandiza mpunga

Ajira 09:05
amjomba afunsa kawiri. aima pa msewu ndi ndodo yawo, akuti akudikira a shehe. a shehe anafika kale

Swadick 09:07
ndawaona. ndili pa stage, matola awiri a ku Katuli afika, mulibe

Swadick 11:50
duwa yatha bwino Safia. sinditchula dzina, usaope kuwerenga. anthu anadzaza mpaka kuseri kwa bafa. mpunga unapsa pansi pang'ono, aliyense wadziwa kuti si dzanja lako

Ajira 14:30
anthu abalalika. mbale yake ndapakula, ndavundikira, chitenje chili pambali pake. ndigawire ana a neba?

Swadick 14:33
dzulo ndimaseka madam ndi mbale yake. ikhale achemwali. galimoto yomaliza imafika 6

Swadick 17:00
kuwale, mwana wakwathu. ndilibe funso lero

Nthanda akulemba...

Ajira 17:19
akulemba!! waona?

Swadick 17:19
ndaona. musalembe kanthu

Nthanda akulemba...

Ajira 18:04
mbale ija ndaitenthetsanso