Jakisoni wanga ndi khanda la Tisiyenji

Lachitatu, 8 Meyi 1957
Ndine Nowa wa kwa Kabudula, mkamwini pamudzi pa akazi anga aZelifa. Zaka, adokotala anayerekeza makumi asanu ndi limodzi ndi zinayi. Sukulu sindinapondeko. Zilembozi anandiphunzitsa mnzanga kumgodi, nchifukwa chake ndimalemba pang'onopang'ono. Ndilembe, poti pakamwa sizituluka.

Chaka chatha ng'ombe yapangolo inandiponda malo obisika. Kuchipatala anachotsa zonse ziwiri. Mudzi wonse ukudziwa. Kuchokera apo thukuta lotentha, mawondo lende, misozi popanda maliro. Tsopano akundibaya jakisoni pakapita masabata awiri, akuti ndi mphamvu imene thupi la mwamuna limapanga lokha. Awonjezanso timapiritsi toika pansi pa lilime. Kumudzi ndati ndi za nyamakazi.

Lachisanu, 24 Meyi
Khasu lapepuka. Mtedza ndakumba ndime yonse ndekha. Koma mawere atupa, malaya akakhudza kuwawa. Akakolonso kutupa, adokotala ati ndisiye mchere. Mtima wapachala, dzana ndinagenda mbuzi yosalakwa. AZelifa akuti, "Kodi bambo, nkhalambanso imatuluka ziphuphu?"

Lamulungu, 9 Juni
Zija tinaziyesa zakufa zadzuka. Ine ndi aZelifa, monga kale. Tinaseka ngati ana akuba nzimbe. Sitiuza munthu.

Lachitatu, 12 Juni
Mwana wathu Tisiyenji wachira, mwana wamwamuna. Azamba alangiza monga mwa mwambo: khanda lisagwiridwe ndi munthu wotentha, amene wagona ndi mnzake, mpaka makolo ake adzalitengere kumphasa. Osambitsa asankha aZelifa. "Kwa aNowa kunazizira kale, eti," anatero azamba. Amayi onse kuseka. AZelifa analandira mwanayo. Akanakana ndi mawu ati?

Tapangana kudika.

Lachiwiri, 18 Juni
Jakisoni Lachisanu. Loweruka ndinalephera kudika. Ndine ndinaumiriza, ndilembe zoona. M'mawa mwake Tisiyenji uyo ndi khanda, amayi musambitseni. AZelifa anamulandira. Anamusambitsa.
Ndiwo za Tisiyenji aZelifa sakuthiramo mchere, poti wotentha sathira, koma akunamizira adokotala anga. Koma mwana sangamunamizire munthu.

Lachinayi, 27 Juni
Khanda likutsokomola. Masaya atupa, timapazi tatupa, kuyamwa lasiya. Alamu anga aRabson, eni mbumba, akuti ndi tsempho. Chala aloza Amon, mwamuna wa Tisiyenji, poti anagona masiku awiri kumsika wa fodya kwa Nsaru. Mnyamatayo walumbira mpaka mawu kusasa. Akuti mankhwala a tsempho sagwira wolakwa asanaulule ndi kumwetsa mwana ndi dzanja lake. Amupatsa mpaka Lolemba. Akapanda kuvomera, anyamule zake.
Pomuweruza ndinalipo. Alamu anati, "Inu aNowa, mulangizeni mpongozi wanuyu." Ndinamulangiza.

Lachisanu, 28 Juni
Kuchipatala. Ndinafotokoza za mwana, osati zonse. Adokotala ati chingakhale chifuwa, abwere naye msanga. Khanda losatengedwa kumphasa likwere lole yodzaza anthu osadziwika, avomere ndani?
Ndinafunsa ngati ndingasiye jakisoni. Ati ndibwerera mwakale, thukuta ndi misozi, mwina kuposa. Ndinaima nthawi, dzanja pa lamba. Ndinatsitsa kabudula.

Loweruka, 29 Juni
Tisiyenji sakulankhula ndi mwamuna wake. Akulilira pamiyendo pa amayi ake. Amayi akewo maso kudenga.
AZelifa andiuza kumunda, "Mukanena, mwandivula pamaso pa mbumba yonse. Mukapanda kunena, tikumba manda." Ndati kodi ndichite chiti.
Ukalamba uno, akandithamangitsa ndine, kwathu kulibe ndi mtengo wondidziwa.

Lolemba, 1 Julayi
Amon wamanga mtolo wake, wauika pakhonde. Mwana kupuma kwa mluzu. Anthu ayamba kusonkhana kwa alamu.
Ndati ndiyambe ndalemba mawu okanena, ndione poyambira. Pa ng'ombe? Pa jakisoni? Onse akundithawa.
Ndikweza maso, mphasa ya aZelifa ili yokha. Awo ali panjira ya kwa alongo awo, khanda m'manja, osacheuka. Sanandiitane. Sangakaime okha pa mlandu umene ndinauyamba ndine.